Nyambo Yachisanu

Tebulo lathu linali lotsamira khoma, choncho aliyense wokhala pa bolodi la chesi ankakhala mbali imodzi yokha, ya zoyera. Zakuda zinalibe mpando. Ababa ankati khoma ndi mdani wabwino, silisuta fodya, silipempha kubweza zimene lasuntha.

Ine ndine Dayamí. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo kuno ku Remedios, ku Cuba, magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa. Mabasi anali atasowa, khofi wa kusitolo ankanunkha nandolo. Ababa, a Evelio, anali atasiya ntchito yokonza makina ku fakitale ya shuga chifukwa cha sitiroko imene inawaphera dzanja lamanja ndi kuwapotoza pakamwa. Atatuluka m'chipatala anagona miyezi isanu, osafuna kudzuka, osafuna kusamba. Chimene chinawadzutsa si mankhwala. Tsiku lina anangoitana kuti, “Dayamí, tenga kope, ndaona kanthu,” ndipo kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankadzikoka mpaka pa tebulo. Ine ndi amayi tinkadziwa, ngakhale sitinkanena, kuti tsiku limene adzasiye kupita pa tebulopo adzabwerera pa bedi.

Kanthu kamene anaonako kanali mu gambiti yawo. Gambiti ndi kuyamba masewera popereka nyambo: umasiya msilikali wako kuti adyedwe, iwe n'kupeza njira yothamangira mfumu ya mnzako. Ambiri amapereka nyambo imodzi n'kuyamba kunjenjemera. Ababa ankapereka zisanu. Yoyamba inali msilikali wa pafupi ndi mfumu. Kenako kavalo, amene ankamusiya dala iwo akubisa mfumu yawo pakona. Kenako msilikali wina. Kenako bishopu, amene ankadzigwetsa pakhomo pa mfumu yakuda kuti ituluke panja kudzamudya. Pofika apo zoyera zimakhala zataya akuluakulu awiri, koma mfumu yakuda ili pambalambanda, moyang'anizana ndi mfumukazi ndi nsanja. Ndiye pa kusuntha kwachisanu ndi chinayi pamabwera nyambo yomaliza: msilikali wapakati amalumpha kukaopseza mfumukazi yakuda, ndipo mfumukaziyo ikhoza kumudya, n'kupereka cheki pompo, kuopseza mfumu yoyera.

“Wadya kanayi, akane kachisanu?” ankatero ababa, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa. “Ndi cheki pamwamba? Mu Cuba muno? Ndani ameneyo?”

Gambitiyo sanaiyambitse iwo, ndi yakalekale. Koma zonse zochitika mfumukazi ikadya anazifufuza okha kwa zaka makumi awiri, n'kudzaza makope asanu ndi atatu. Dzanja litafa, wolemba ndinali ine. Ndinkakhala pa mpando wa zoyera, iwo pambali panga, akutambasula dzanja lamanzere kusuntha zakuda. Tikafika pa nyambo yachisanu dzanjalo linkadya msilikali uja lokha, mutu usanafunsidwe, n'kumuika pambali, ntchito n'kuyambira pamenepo. Mfumu ikathawira uku titani? Ikabwerera kwawo? Mfumukazi ikathamangira kudzatchinga? Njira iliyonse tinkaitsata mpaka mfumu yakuda itafa. Ine ndinkalemba, iwo n'kulamula kuti ndijambule mzere pansi pake, kawiri.

Kusukulu sindinkalankhula kwambiri. Pa tebulopo sipankafunika kulankhula, ndipo ndinkapakonda chifukwa cha chimenecho.

Mu Meyi mvula inaboola denga pamwamba penipeni pa tebulo. Ine ndi amayi tinalikokera pakati pa chipinda, pamalo pake n'kuika beseni. Masana ababa atapita kukapuma ndinakhala pa kampando mbali ya zakuda, chifukwa ndi kumene kunali kuwala kowerengera buku la sayansi. Bolodi linali monga tinalisiyira, nyambo yachisanu itangoperekedwa. Sindinkafuna kuliyang'ana. Koma kuchokera kumeneko zonse zinkaoneka mwina. Msilikali uja, amene ku mbali ya zoyera ankaoneka ngati nyama yonona, kuno sindinamuone n'komwe. Ndinaona mfumu yanga ili maliseche, mfumukazi yoyera ndi nsanja zitandandalika pa mzere wake. Ndinachita mantha ngati ndine ndili panjapo. Dzanja langa linagwira mfumukazi yakuda n'kuisuntha kabokosi kamodzi cham'mbali, kuti iime kutsogolo kwa mfumu yake. Osadya kanthu. Osapereka cheki.

Ndinazungulira tebulo kuti ndiilange. Ndinaithamangitsa ndi msilikali. Inangotsetsereka kabokosi kena, mfumu yoyera n'kutsala poyera. Ndinabweza, n'kudya msilikali wakuda ndi bishopu wotsalayo; kavalo wakuda anatuluka n'kutseka mzere. Madzi ankadontha mu beseni. Pofika nthawi yoti ababa adzuke ndinali nditayesa njira khumi ndi imodzi, ndipo m'zonsezo moto wa zoyera unkazima, zakuda n'kutsala ndi akuluakulu awiri owonjezera. Ndinabweza mfumukazi pamalo pake n'kutsegula buku la sayansi.

Denga litamatidwa ndi phula, tebulo linabwerera kukhoma.

Ndinauza amayi, a Onelia, tili kuseri akuchapa ndi kachidutswa ka sopo kosakwana chala. Iwo chesi saidziwa.

“Ndiye kuti chiyani?” anafunsa.

“Ndiye kuti makope onse aja ndi a njira imene munthu wochenjera sangadutsemo.”

Anapukuta manja pa siketi. “Bambo akowo akudziwa?”

“Ayi.”

“Tamvera, mwanawe. Ine ndinawatembenuza pa bedi miyezi isanu ngati thumba la shuga. Msana wangawu sunachire mpaka lero. Kamfumukazi kakoko kasiye pamene kali.”

Ndinakasiya. Juni yense ndinalemba, ndi theka la Julayi, masamba makumi anayi. Ababa ankapeza zinthu zokongola kwambiri nthawi imeneyo. Panali njira ina imene zoyera zinkapereka ngakhale mfumukazi, bishopu yekha n'kupha, ndipo ataipeza anamenya tebulo mpaka asilikali anagwa. Ine ndinawatola, n'kujambula mizere iwiri ija.

Lachitatu lina kunabwera a Nicomedes ometa tsitsi, mnzawo wa ababa kuyambira ali ana, pa njinga yawo ya ku China, atapachika nthochi zitatu zophika pa chiwongolero.

“Evelio, ukadali moyo? Ine ndimati ndidzayeze bokosi.”

“Yamba wayeza lako, nkhalamba iwe. Mutu wako wokhawo ufuna matabwa anayi.”

“Eya, pakamwa ndi popotoka koma mano alipo.” Anakhala pa bedi langa popeza mpando wina panalibe. “Ankhanu akubwera Lamlungu. Mabolodi asanu ndi atatu. Mtsikanayu tamuika pa lachitatu, zoyera.”

Ankhanu ndi anthu a ku Caibarién, tauni ya kugombe imene timalimbana nayo pa chilichonse.

“Akumana ndi ndani?”

“Heriberto Sosa.”

“Wozula mano uja?” Ababa anaseka mpaka kutsokomola. “Heriberto amadya chilichonse. Anadya ngakhale keke pa ukwati wa mkazi amene anamukana. Dayamí, usewera yanga. Ndipo ine ndipita kukaona.”

Amayi anasuzumira kuchokera kukhitchini. Ababa anali asanapitirire pakona pa msewu wathu kwa zaka pafupifupi ziwiri.

“Ababa,” ndinatero, “mwina ndiyambe ndi msilikali wa mfumukazi, modekha.”

“Modekha? Ukufuna kusewera ngati mlembi wa ku ofesi? Ukuopa chiyani?”

Ndinayang'ana amayi. Iwo anabwerera kukhitchini.

“Palibe,” ndinatero.

Lamlungu m'mawa tinawakweza ababa pa chishalo cha njinga, a Nicomedes akukankha mbali iyi, ine mbali inayo. Anavala malaya oyera a matumba anayi amene tsopano ankawakulira. Chipinda cha chesi chili moyang'anizana ndi paki. Magetsi kunalibe, mazenera onse anali otsegula, koma mphepo sinkalowa. A ku Caibarién anatsika pa lole atayera ndi fumbi, wina wa kwathu n'kukuwa kuti, “Ankhanu afika, bisani zala!” Atawaona ababa phokoso linachepa, kenako anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzawagwira paphewa. Anawapatsa mpando kumbuyo kwanga.

A Heriberto anali munthu wamkulu thupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anandipatsa dzanja.

“Ndiwe mwana wa Evelio? Ndiye ndimange lamba.”

Anadya msilikali woyamba wotchi isanagunde kawiri. Anadya kavalo akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anadya msilikali wachiwiri. Bishopu atagwa pakhomo pa mfumu yawo, anthu a mabolodi ena anayamba kudzuka kudzaona. A Heriberto anamudya. Ndinakankha msilikali wapakati, ndinakanikiza wotchi, n'kulemba pa pepala.

Anaganiza mphindi makumi awiri. Ndinkaona maso awo akupita pa msilikali, n'kubwerera kwa mfumu yawo, n'kukaima pa kabokosi kaja ka m'mbali. Anaimapo nthawi yaitali. Kumbuyo kwanga ndinkamva ababa akupuma, ndi ndodo yawo ikugunda pansi pang'onopang'ono. Ndinapemphera, ine amene sindipemphera, kuti munthu wamkulu uyu akhale wadyera.

“Cheki,” anatero, msilikali wanga ali m'manja mwawo.

Zotsatira sizinali zanga. Zinali mu kope lachisanu ndi chiwiri. Ndinatchinga cheki ndi bishopu, nsanja yachiwiri inalowa, kavalo analumphira pakati, mfumu yawo inathamanga uku ndi uku pakati pa akuluakulu ake amene anali asanasunthepo n'kamodzi komwe. Pa kusuntha kwa makumi awiri ndi chimodzi a Heriberto anaigoneka cham'mbali ndi chala chimodzi, kusonyeza kuti agonja. Anthu anaiwala kuti ena akusewerabe, anaomba m'manja. A Nicomedes ankagwedeza ababa ngati akufuna kuwathyola. Nditacheuka ndinaona misozi ikutsikira mbali yakufa ya nkhope yawo, mbali inayo ikuseka.

Ndinaimirira. “Tiyeni, ababa, mwatopa.”

“Ndatopa ine? Khala pansi.”

Pakuti pali mwambo. Masewera akatha, wogonja ali ndi ufulu wowabwereza pamodzi ndi wopambana, ndipo aliyense woima pafupi amaloledwa kuikapo dzanja. Kukana ndi chipongwe choposa kutukwana. Mabolodi ena atatha, anthu onse anaunjikana pa lathu. A Heriberto anaimikanso zonse, n'kusuntha mofulumira mpaka pa nyambo yachisanu.

“Apa ndi pamene ndinataya nthawi,” anatero. “Panali kanthu kena, koma ndinachita nako manyazi. Kakuoneka ka munthu wamantha.” Anagwira mfumukazi n'kuisuntha kabokosi kamodzi cham'mbali. “Evelio, ukadatani?”

“Amenewo ndi mantha ndithu,” anatero ababa. “Dayamí, ndipatse mpando.”

Anakhala, n'kuthamangitsa mfumukazi ndi msilikali. A Heriberto anakanda mutu, anasuntha molakwika, ndipo posakhalitsa mfumu yawo inali itafanso. Anthu anaseka.

“Ine mutu wapsa,” anatero a Heriberto akudzuka. “Kawiri tsiku limodzi, banja limodzi. Mtsikanayu akhale kuno, bongo wake ukadali wozizira.”

“Khala,” anatero ababa, maso akuwala. “Usewere zolimba. Aone ankhanuwa kuti palibe pothawira.”

Ndinakhala mbali ya zakuda. Ababa anakankhanso msilikali uja. Ndinatenga kavalo kuti ndimuike pamalo opanda ntchito, koma dzanja lina linagwira langa. Anali mnyamata wa ku Caibarién wa pa bolodi loyamba.

“Iyayi, achemwali, mukusewerera timu iti? Mfumukazi apa.”

Anaiika pamene ndinkadziwa kuti iyenera kukhala. Ababa anandiyang'ana pang'ono, n'kubwerera pa bolodi. Kuyambira pamenepo sindikadanamanso, pa bolodipo panali maso makumi atatu. Anapereka cheki, ndinatchinga. Anabweretsa nsanja, ndinatulutsa bishopu. Patapita kusuntha kasanu ndi kamodzi mafumukazi anadyana, zoyera n'kutsala zopanda mano.

“Bweza,” anatero ababa.

Tinabweza. Anadya msilikali ndi bishopu. Ndinatulutsa kavalo. Anaganiza nthawi yaitali, thukuta likudontha pachibwano, n'kusuntha mfumukazi. Ndinayankha.

“Bweza.”

Ulendo wachinayi nthabwala zinali zitatha. Ulendo wachisanu dzanja lawo linagwetsa nsanja, palibe anaseka. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anasuntha, ine n'kuyankha dzanja lawo lisanabwerere pa bondo. Sanayang'anenso bolodi. Anayang'ana ine.

“Sukuganiza,” anatero.

Ndinayang'ana pa bolodi.

“Ukuyankha ngati ukuwerenga. Unaiona liti?”

“Mu Meyi. Tsiku limene denga linadontha.”

Anawerenga pa zala za dzanja lamoyo. “Meyi. Juni. Julayi. Masamba onse aja unkalemba ukudziwa.”

“Ndinkaopa, ababa.”

“Ndipo lero wakhala apa, waponya akuluakulu awiri ukudziwa kuti n'zowola, n'kumadikira kuti munthu alakwitse. Pamaso pa anthu onsewa. Kuti wodwala asangalale.”

“Evelio, mzanga,” anatero a Heriberto, “ine ndadya. Mwa anthu khumi, asanu ndi anayi adya.”

“Ine sindinkalembera asanu ndi anayiwo.”

“Aaa, tiyeni tikamwe madzi a shuga, tapambana,” anatero a Nicomedes. “Ankhanu abwerera cham'mbali monga amayendera.” Kenako anayamba kupukuta khosi ndi mpango.

Ababa anakana njinga. Anakananso mkono wanga. Kuchokera ku paki kufika kwathu ndi misewu isanu ndi umodzi, ndipo tinayenda pafupifupi ola lathunthu, dzuwa lili paliwombo, iwo patsogolo akukoka mwendo, ife pambuyo ndi njinga yopanda wokwera. Pakona pa sitolo anatsamira khoma kanthawi, malaya atamatirira kumsana. Nditayandikira anayambanso kuyenda. Amayi anali pakhomo. Anaona nkhope ya ababa, kenako anayang'ana ine, ndipo sanafunse amene wapambana.

M'mawa mwake ndinakhala pa tebulo ndi kope ndi pensulo mpaka khofi wawo anazizira. Sanatuluke. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Amayi ankalowa ndi mbale, n'kutuluka nayo itangochepa pang'ono. Sanandikalipire. Ndikadakonda akadandikalipira.

Masiku awiriwo ndinawathera pa bolodi ndekha, ndipo ndinapeza kuti zoyera zikhoza kusapereka bishopu, n'kupitiriza kuukira mwa njira ina, yochedwerapo koma yooneka yolimba. Lachitatu masana ababa anandiitana. Ndinathamanga ndi kope m'manja.

Anali chigonere chagada, akuyang'ana kudenga. M'chipindamo munkanunkha thukuta ndi mafuta opaka.

“Ababa, pali njira ina pa kusuntha kwachisanu ndi chitatu,” ndinatero mofulumira, ndisanataye mtima. “Bishopu osamupereka. Ndaiyesa mbali zonse ziwiri. Tikhoza kuiona limodzi.”

Sanachotse maso kudenga.

“Ukadanena mu Meyi,” anatero, “ndikadakutukwana sabata imodzi. Kenako tikadakhala pansi.” “Tsopano ukandionetsa njira, ndidziwa bwanji kuti ndi njira, osati phala la wodwala?”

“Ndi njira, ababa.”

“Mwina.” Anatseka maso. “Chotsa bolodi pa tebulopo. Amayi ako asamasankhire mpunga pamiyendo.”

 

Ndinaika zoyera ndi zakuda m'bokosi la nsapato, bolodi ndinalilowetsa kuseri kwa kabati. Pamene linakhala zaka zonsezo thabwa la tebulo linali loyererapo. Amayi anabwera ndi mpunga m'chitini, anaima kanthawi, kenako anauthira pamenepo. Tinakhala pansi awiri, mbali imodzi, n'kuyamba kuchotsa timiyala.